Wotsala Ndani, Wopita Ndani?

M'Chichewa anthu awiri akamatsanzikirana kawirikawiri salankhula mawu ofanana. Wochoka amati "tsalani bwino", wotsala amayankha kuti "pitani bwino" kapena "muyende bwino". Musanatsegule pakamwa muyenera kudziwa kaye kuti pa awirinu wonyamuka ndani. Chizulu chimene ndinaphunzira kusukulu ku Johannesburg chilinso chimodzimodzi: sala kahle amauza wotsala, hamba kahle amauza wopita. Ana ambiri akamamaliza sekondale funsoli siliwavuta, chifukwa kalasi yonse imatuluka tsiku limodzi ndipo otsala amakhala aphunzitsi ndi madesiki. Koma pali ana ena, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo, amene tsiku limenelo amatsanzika sukulu pamodzi ndi dziko limene anakuliramo.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha funso limene ndafunsidwa kambirimbiri chifikireni kuno ku Zomba. Munthu akangomva mmene ndimatchulira mawu ena, amandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye unabwereranji? Anzako akuthamangira komweko, iwe ukuchokako?" Ena amaganiza kuti ndinabwera ndi marandi odzaza chikwama, ena amaganiza kuti anatithamangitsa. Palibe choona pa ziwirizi. Ine ndinangomaliza sukulu basi, koma mwana wa mlendo akamaliza sukulu pamatha zinthu zambiri kuposa maphunziro.

Ndinabadwira ku Blantyre mu 2004. Abambo anali atatsogola kale ku Joni kukasoka zovala, ndipo kumayambiriro kwa 2008 anatiitanitsa ine ndi amayi. Patangopita miyezi yochepa, mu Meyi, zipolowe zolimbana ndi anthu obwera zinabuka ku Alexandra n'kufalikira m'madera ena, ndipo anthu oposa 60 anaphedwa. Za chaka chimenecho sindikumbuka kanthu, ndinali wamng'ono. Za 2015 ndimakumbuka bwino. Ziwawa zitayamba ku Durban, boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake, ndipo kunyumba kwathu, chakum'mwera kwa Johannesburg, amayi anaika lamulo: m'takisi, m'sitolo ndi pamsewu tizilankhula Chizulu kapena Chingelezi, Chichewa chizithera pakhomo. Ndiye mukamandiseka kuti Chichewa changa ndi cha kukhitchini, mukunena zoona. Chipande, mthiko ndi nkhali ndinazidziwa kalekale, koma mawu okanganira pabwalo la mpira ndawaphunzirira kuno. Nkhani ino ndailemba m'Chichewa mwadala, ndipo mnzanga wogona naye chipinda chimodzi wandiwongolera malo angapo.

Kusukulu kunali kwina. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996, mu gawo 29, amati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira. Sanalembe kuti nzika iliyonse, analemba kuti aliyense. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamulanso kuti mwana asabwezedwe pasukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala. Sindikunena kuti lamulo limatsatidwa paliponse, koma pasukulu yathu mukalowa pageti yunifomu inkatifananitsa. Zaka 12 zonse ndinkaima pamzere ndi anzanga kuimba nyimbo ya fuko ya zilankhulo zisanu osaphonya liwu. Ndinaloweza zigawo zisanu ndi zinayi za dzikolo ndi mizinda yake. Aphunzitsi atatitengera ku Orlando West kukaona nyumba yokumbukira Hector Pieterson ndi ana asukulu a pa 16 Juni 1976, ndinalira limodzi ndi anzanga, ndipo palibe amene anandifunsa pasipoti ndisanalire. Pa nthawi imeneyo John Chilembwe ndinkangomudziwa ngati nkhope ya pa makwacha amene amalume ankatisiyira akabwera kudzaoda katundu.

Mng'alu unayamba kuoneka titafika zaka 16. Ku South Africa mwana akakwanitsa msinkhu umenewu amakatenga chitupa chake cha unzika, chokhala ndi nambala ya manambala 13. Anzanga ankabwera nazo m'kalasi n'kumasekana zithunzi. Ine ndinali ndi pasipoti ya Malawi ndi chilolezo chodalira cha abambo. Poyamba sizinkaoneka ngati nkhani. Koma titalowa Giredi 12, imene kumeneko amaitcha matric, fomu iliyonse ya yunivesite inkayamba ndi kabokosi ka nambala ija. Thandizo la boma lolipirira ophunzira osauka, limene amati NSFAS, ndi la nzika ndi anthu amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Wophunzira wakunja ayenera kupeza viza ya sukulu, ayenera kulembetsa inshuwalansi ya zaumoyo ya m'dzikomo, ndipo mayunivesite ambiri amafuna kuti alipiriretu gawo lalikulu la fizi asanalowe m'kalasi. N'zoona kuti mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro wa 1997 umathandiza kuti ife a m'chigawo chino tizilipira fizi yofanana ndi eni dziko, koma fizi ya eni dzikoyo singatuluke pa makina osokera amodzi popanda wothandiza. Mnzanga amene tinkalimbirana naye malo oyamba pa masamu, amene amayi ake ankagulitsa zitumbuwa za kumeneko pasiteshoni, anali ndi njira. Ine ndinalibe, ngakhale tinkakhala msewu umodzi.

Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero ndi chakuti mzere umenewu unadutsa pakati pa nyumba yathu. Mchemwali wanga wamng'ono anabadwira ku Johannesburg mu 2010. Lamulo la unzika la South Africa limati mwana wobadwira m'dzikomo kwa makolo akunja, ngati kubadwa kwake kunalembetsedwa ndipo wakhalamo kuyambira kubadwa mpaka kukwanitsa zaka 18, akhoza kupempha unzika. Iye khomo limenelo lilipo. Ine ndinachedwa ndi zaka zitatu ndi miyezi, zaka zimene sindikumbuka n'komwe. Tinkadya m'mbale imodzi, tinkakwera takisi imodzi popita kusukulu, koma pamapepala tinali anthu a tsogolo losiyana.

Abambo anandiuza m'nyengo yozizira, mu Julayi, ali pamakina akupinda thalauzi la kasitomala. Sanasiye kupalasa.

"Mwanangu, ukamaliza mayesowa upita kumudzi. Ukakhala ndi azakhali ako ku Blantyre, ukafunsire malo ku yunivesite komweko."

"Nanga inu ndi amayi?"

"Ife titsala kaye. Fizi yako ichokera kuti tikachoka tonse?"

Sindinatsutse, chifukwa masamu ake ndinali nditawawerengera kale ndekha. Chimene chinandikhala pamtima ndi liwu lakuti kumudzi. Abambo akalitchula amaona msewu, mtengo wa mango ndi manda a makolo awo. Ine ndinkaona malo amene ndinapitako kawiri pa tchuthi cha Khrisimasi, kumene ana anzanga ankandizungulira kuti ndilankhule amve.

Mawu amene tili nawo pa nkhani ya ulendo wa ku Joni anapangidwira anthu ena. Agogo anga aamuna anapita kumigodi kudzera ku Wenela, kampani yolemba anthu ntchito imene inasiya dzina lake pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Ankapita amuna okhaokha, pa kontilakiti, n'kubwera ndi njinga, bulangete ndi wailesi. Ulendo wotere unaima mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, pamene Dr Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi, ndipo pambuyo pake unayambiranso m'dzina la TEBA. Amene ankakhalitsa osabwera ankatchedwa matchona. M'nkhani zonsezi munthu amachoka kwawo ali wamkulu, ndipo akabwera amabwerera kumalo amene akuwadziwa. Mwambi wakuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, umanena za munthu woteroyo. Nanga mwana amene anapita ali kumsana? Mtchona sindiye, chifukwa sanathawe aliyense. Wobwerera sindiyenso, chifukwa palibe chimene anasiya. Agogo anga aakazi atandiona anati, "Wabwera mlendo wathu," kenaka anadzikonza okha, "Iyayi, mwini mudzi." Ndikuganiza kuti maulendo onse awiri ananena zoona.

Miyezi yomaliza ya matric ili ndi miyambo yake, ndipo amene munalemba MSCE mudzaizindikira ngakhale mayina ndi ena. Pali gule wa matric, amene makolo amalowera ngongole chifukwa cha suti ndi madiresi. Yanga anasoka abambo usiku kwa sabata ziwiri, ndipo anzanga atatu anavalanso za m'manja mwawo. Pali majekete a kalasi olembedwa mayina oserewula kumsana. Pali mwambo wotsanzikana m'holo mu Okutobala, mayeso asanayambe, pamene ahedi amalankhula, ana a Giredi 11 amaimba, ndipo tikatuluka timalemberana pamalaya ndi zolembera zosafufutika. Pamalaya anga ambiri analemba kuti tionana chaka chamawa. Ankadziwa kuti ndikupita, chifukwa ndinawauza kuyambira mu Ogasiti, koma dzanja limalemba zimene linazolowera. Kwa iwo kutsanzikana kunali kwa masewera pang'ono. Wina ankapita ku Wits, wina ku UJ, wina ku koleji ya ntchito zamanja, wina kukafuna ganyu, koma onse Loweruka akanakumana pa malo omwe aja ogulitsa kota.

Amene tinkamvana popanda kulankhula zambiri tinali anayi: ine, mtsikana wa ku Congo, mnyamata wa ku Mozambique ndi mnzanga wa ku Zimbabwe amene anafika ali ndi zaka zisanu. Iyeyu zake zinali zolemera kuposa zanga. Kumapeto kwa 2021 boma la South Africa linalengeza kuti zilolezo zapadera za anthu a ku Zimbabwe siziwonjezeredwanso, ndipo chaka chathu chonse cha matric, 2022, banja lake linkangomvera pa nkhani kuti tsiku lomaliza lasunthidwa kapena ayi. Ankawerengera mayeso a mbiri ya South Africa osadziwa ngati zotsatira zidzamupeza m'dzikomo. Tsiku la m'holo lija anayi ife sitinalembe za chaka chamawa. Aliyense analemba nambala ya foni ya m'bale wake wa kudziko kwawo, poopa kuti zathu zisintha.

Mayeso anatha kumayambiriro kwa Disembala, ndipo tikiti yanga inali ya sabata yotsatira. Ine ndinkaganiza zolongedza. Amayi ankaganiza zina.

"Iwe, munthu sachoka mozemba. Pamsasa saipitsa. Vala bwino, tipite ukatsanzike."

Masiku atatu athunthu tinayenda khomo ndi khomo. Tinayamba ndi agogo a Chizulu oyandikana nafe, amene ankandisunga ndikaweruka amayi ali kuntchito, ndipo mu 2015 anauza anyamata a mumsewu mwathu kuti wokhudza nyumba yathu ayambe wakhudza iwo. Anandigwira mutu ndi manja onse awiri n'kupemphera nthawi yaitali. Tinapita kwa bambo wa ku Ethiopia wa kaokala kamene kumeneko amati spaza, amene ankatikongoza buledi kumapeto kwa mwezi. Anandipatsa paketi ya mabisiketi n'kunena kuti iyenso ana ake sanawaone zaka zambiri. Tinapita kwa abusa, kwa mayi wometa tsitsi, kwa dalaivala wa takisi amene ankanditenga ndili Giredi 1. Kenaka tinabwerera kusukulu, kumene kunali zii, aphunzitsi akumaliza malipoti a makalasi ang'onoang'ono. Amayi anapereka chitenje kwa mphunzitsi wanga wa Chizulu, atagwada pang'ono monga timachitira kwathu, ndipo mayiyo, amene zaka zisanu sanamwetulirepo m'kalasi, anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Pa nthawiyo ndinkachita manyazi kuyenda ndi amayi ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Koma ndaona kuti mwambo wa m'holo unali wa kalasi yonse, ndipo sukanatha kunyamula nkhani yanga. Ulendo wa khomo ndi khomo ndi umene unanyamula. Mwambo wathu wotsanzika umamukakamiza munthu kuwerenga amene anamulera, mmodzimmodzi, ndi kuwayang'ana kumaso. Nditawerenga ndinapeza kuti ambiri mwa iwo sanali Amalawi. Dziko lomwe lija limene linali ndi kabokosi kopanda malo anga linalinso ndi agogo aja. Anzanga ena kuno amafuna ndiwauze kuti ku Joni n'kwa nkhanza, ena amafuna ndiwauze kuti n'kumwamba, ndipo onse amakhumudwa ndikayamba kufotokoza za anthu m'malo mwa dziko.

Ku Park Station anandiperekeza anthu asanu ndi awiri. Amene mwakwerapo basi ya ku Malawi pamenepo mukudziwa chipwirikiti chake: mafiriji, matayala, zikwama zamizeremizere zomangidwa ndi tepi, anthu opempha kuti muwanyamulire kaphukusi ka kwa amayi awo ku Mangochi. Mnzanga wa masamu uja anabwera ngakhale kuti ankaopa m'tauni. Ndinamuuza kuti kwathu mlendo timamuperekeza mpaka panjira, ndipo wokondedwa kwambiri timamufikitsa patali. Anaseka n'kunena kuti iye ndalama zake zathera pa Park Station pomwepo. Mchemwali wanga sanalankhule kanthu. Anangondiikira m'thumba tayi yake ya sukulu, imene amayi anaifunafuna mwezi wonse wa Januwale.

Njira yake ndi yaitali mokwanira kuti munthu aganize: Musina, mlatho wa Limpopo pa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi ku Tete, Zobue, Mwanza. Pa zipata zonse ndinali mlendo wodutsa. Pa Mwanza wa zolowa ndi kutuluka anatsegula pasipoti yanga, anadinda, n'kunena kuti, "Takulandirani, achimwene." Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuti kabuku kaja kandifupikitsire mzere. Basi inatitsitsa pa Wenela, pa dzina lomwe lija limene linatenga agogo.

Zotsatira zinatuluka mu Januwale ndili ku Blantyre, ndipo ndinaziona pafoni ya azakhali. Anzanga anapita kusukulu kukatenga zawo, anajambulitsa pageti atakumbatirana, n'kutumiza zithunzi pa gulu lathu la WhatsApp. Ine ndinali ndi ma 7 awiri ndi ma 6 atatu. Nditauza azakhali anagwira pakamwa, chifukwa pa MSCE 1 ndiye pamwamba ndipo 7 ndi kungodutsa. Zinanditengera nthawi kuwafotokozera kuti ku South Africa makwerero ake ndi ozondoka, 7 ndiye wopambana. Ngakhale chisangalalo changa chinafunika womasulira. Satifiketi nayo inayenera kuunikidwa kaye kuti aone ngati ikufanana ndi ya kuno ndisanafunsire malo.

Gulu la WhatsApp lija linkalira usana ndi usiku miyezi iwiri yoyamba, kenaka linayamba kuzirala. Linadzukanso mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Magetsi ndi netiweki zitabwerera ndinapeza mauthenga ambirimbiri ofunsa ngati ndili moyo. Ena anavomera kuti aka kanali koyamba kufufuza Malawi pa mapu. Ndinawayankha onse. Masiku amenewo ndinkathandiza achinyamata a kutchalitchi kwa azakhali kunyamula ufa ndi zofunda kupita kusukulu zimene zinasanduka misasa, ndipo panalibe amene anali ndi mpata woseka katchulidwe kanga. Lero gulu lija limalankhula pa masiku obadwa okha. Sindikwiya nazo. Amene munasiyana ndi anzanu a Fomu 4 mukudziwa kuti zimatero paliponse, kungoti inu mukhoza kukumana nawo mwangozi pa depoti ya Limbe.

Makolo athu amene akulera ana ku Johannesburg, Cape Town kapena Durban ali ndi zambiri pamutu, ndipo sindikuwaimba mlandu. Koma ndikanakonda nkhani ya mapepala izikambidwa mwana ali Giredi 8 kapena 9, osadikira chaka chomaliza. Mwana amene akudziwa kuti mwina adzaphunzira ku Malawi amasankha maphunziro ake mosiyana, amasunga Chichewa chake mosiyana, ndipo amakhala ndi nthawi yokonzekera kusiyana ndi anzake. Ndikudziwa ana ena amene anauzidwa tikiti itagulidwa kale, ndipo anachoka osatsanzika ngakhale mphunzitsi mmodzi. Ena mwa iwo ali pa makampasi athu omwe ano. Mudzawadziwa chifukwa amati robot ponena magetsi a pamsewu, amachedwa kuseka nthabwala za pa wailesi zimene nonse munakula nazo, ndipo pa 6 Julayi amayendetsa milomo pa ndime zina za nyimbo ya fuko. Mukawafunsa kuti kwanu n'kuti amayamba apuma kaye. Sikuti akudzimva, akuwerengera kuti akupatseni yankho lalitali kapena lalifupi.

Mchemwali wanga tsopano ali Giredi 9. Adzakwanitsa zaka 18 mu 2028, ndipo abambo asunga kale kalata yake yobadwira ndi malipoti a sukulu a chaka chilichonse m'chikwama cha pulasitiki pansi pa matiresi, ngati umboni wakuti sanachokepo m'dzikomo. Chifukwa chakuti Malawi tsopano amalola unzika wa mayiko awiri, mwina sadzafunika kutaya pasipoti ya kwathu. Lamlungu lililonse amanditumizira uthenga wa mawu, theka Chizulu theka Chingelezi, ndipo ine ndimamuyankha m'Chichewa kuti asachiiwale. Sabata yatha anandifunsa ngati ndingabwere ku mwambo wake wa m'holo akadzafika matric. Ndamuuza kuti ndiyamba kusunga ya basi, ndipo ndidzalowa ngati mlendo, pa masiku amene adzandidindire pa Beitbridge.